Mwase Kasungu, Mfumu ya pa Mphambano

Ndapemphedwa kuti ndikambe za munthu wa ndale wa makedzana, wa nthawi imene malire a maiko anali asanalembedwe, ndipo ndaona kuti palibe chifukwa chokamufunira kutali pamene tili naye pakhomo.

Tayambani mwayang'ana kumene takhalaku. Kumbuyo kwangaku kuli damu la Lifupa, m'nkhalango ino ya Kasungu, ndipo amene munagona kuno mwamva mvuu zikudzuma usiku wonse. Mlendo akafika pano lero amayesa kuti wafika kumathero a dziko, kotsalira nyama zokha, pakuti ukangopitirira chakumadzulo walowa m'Zambia. Komatu m'tchire lomweli muli ng'anjo zakale zosungunulira chitsulo, muli zojambula pa matanthwe, muli mabwinja a midzi imene inali yozingidwa ndi malinga. Ndili mnyamata ndinatolapo chotsalira cha m'ng'anjo, chakuda bii, cholemera kuposa mwala wa msinkhu wake, chokhala ndi timabowo ngati chisa cha njuchi. Ndinachisunga m'thumba la kabudula mpaka thumbalo linabooka. Chinthu chimenecho ndicho chinandiphunzitsa koyamba kuti kuno kunali anthu, anthu a luso, ndipo kuti dziko limene ife timaliona ngati mphepete linali pakati peni peni pa zochitika.

Ambiri a ife tinaphunzira ngati kuti ndale m'dziko muno zinayamba mu 1944 pamene panabadwa chipani cha Nyasaland African Congress. Koma ngati ndale ndi luso losunga anthu pamodzi, lodziwa woti upalane naye ubwenzi ndi woti umutsekere chipata, ndiye kuti pa phiri la Kasungu zinalipo kalekale, ndipo zinali zovuta kuposa za masiku ano, chifukwa wolakwitsa sankangoluza chisankho, ankataya mudzi wonse.

Mwase ndi dzina la mpando. Analikhalapo anthu angapo motsatizana, ndipo monga mwa mwambo wathu wa Achewa ufumu unkatsata kuchikazi, mfumu ikagona inkalowedwa ndi mbale wake kapena mwana wa mlongo wake. Choncho ndikamati Mwase, nthawi zina ndikunena mpandowo, koma amene ndidzakhalitse pa iye ndi wotsiriza kulamula dziko lino asanalilande Angerezi, amene mabuku a mbiri amamutchula kuti Chibisa.

Akuluakulu amasimba kuti a Mwase anapeza dziko lino lili m'manja mwa a Chulu. Anafika m'zaka za m'ma 1700 ali alenje odziwa uta ndi mkondo, nathandiza kupha zilombo zimene zinkasautsa anthu, ndipo powathokoza anapatsidwa malo. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. M'kupita kwa nthawi mphamvu za obwerawo zinakula kuposa za amene anawalandira. Ndikunena zimenezi mwaulemu pamaso pa ana a Chulu, amene ufumu wawo ulipo mpaka lero m'mphepete mwa nkhalango ino. Nkhani ya zilombo tiimve bwino: mlenje wopha mkango ndi yemweyonso amapha njovu, ndipo m'masiku amenewo wogwira mnyanga ndiye ankagwira nsalu, mikanda, kenaka mfuti.

Panali lamulo lakale pakati pa mafumu a Chimaravi lakuti njovu ikagwa, mnyanga wogunda pansi ndi wa mwini nthaka. Mlenje ankatenga wapamwamba, wapansiwo unkapita kwa mfumu ngati mtulo. Lamulo limeneli linali laling'ono pamene minyanga inkangosemedwa makoza. Linasanduka chuma chachikulu pamene misika ya ku India, ku Ulaya ndi ku America inayamba kulimbirana minyanga yopangira zipeso, zigwiriro za mipeni ndi mabatani a piyano. Mtengo utakwera ku Zanzibar, phokoso lake linamveka mpaka m'madambo a Lingadzi ndi Dwangwa.

Ndiye onani pamene Kasungu anakhala. Kumadzulo kuli chigwa cha Luangwa chodzaza njovu, ndipo kupitirira apo kuli njira ya kwa Kazembe kumene kunkachokera mkuwa. Apwitikizi a ku Tete anayenda ulendo wa kwa Kazembe mu 1798, nabwerezanso mu 1831, kudzera chakumadzulo kwa kuno. Kum'mawa kuli Nkhotakota, kumene cha m'ma 1840 kunakhazikika Mswahili Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, ndi zombo zake zoolotsa katundu kupita ku Losewa, kuchokera uko n'kuyenda pansi mpaka ku Kilwa. Amalonda a mtundu wa Abisa ankasenza katundu pakati pa mbali ziwirizi, ndipo ankafuna pogona, potunga madzi, pogula ufa, ndi mfumu yowatsimikizira kuti sadzafwambidwa panjira. Mwase anakhala pa mphambano imeneyi. Aliyense wodutsa ankayenera kupereka moni wa m'manja, ndipo moni ameneyo ndiye anamanga ufumu.

Mu Seputembala 1863 David Livingstone anakwera mtunda kuchokera ku Nkhotakota, atangoonana ndi Jumbe, nafika pa mudzi wa mfumu imene iye analemba dzina lake kuti Muazi, patsinde pa phiri la Kasungu. Anapitirira pang'ono chakumadzulo n'kubwerera, chifukwa boma la kwawo linali litamuitanitsa ndipo ankayenera kukatsitsa sitima yake mu Shire madzi akadzakwera. Chimene iye ankalondola chinali njira ya akapolo, ndipo anaipeza ikudutsa pano. Tisunge mfundo imeneyi, ndibwererako.

Kumpoto kunali kutadza mphepo ina. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa. Anapitirira mpaka ku Ufipa, m'dziko limene lero ndi Tanzania, ndipo mfumu yawo itamwalira anagawikana. A M'mbelwa anabwerera kudzakhala ku Mzimba cha m'ma 1850, a Mpezeni anadzakhazikika kufupi ndi kumene lero kuli Chipata, ndipo kum'mwera chakum'mawa, ku Dowa, kunali Angoni a Chiwere. Mukajambula malo atatuwa pansi ndi chala, muona kuti Kasungu ali pakati ngati mphika pa mafuwa. Mafumu ambiri a Achewa anagonja, ena anathawira m'mapiri, ena m'zisumbu za m'madambo. Mwase sanachoke.

Nonse mumalidziwa dzina la Nguru ya Nawambe, chifukwa Kamuzu Banda anatcha nalo nyumba yake ya ku Kasungu. Dzinalo limakumbutsa nkhondo imene anthu a Mwase anagonjetsa gulu la Angoni lotsogozedwa ndi Nawambe. Angoni ankamenya nkhondo ya pafupi, chishango kumanzere, nthungo yaifupi kumanja, akuthamanga mogundizana mapewa. Pabwalo poyera palibe ankawaima. Koma chishango cha chikopa cha ng'ombe sichitchinga chipolopolo, ndipo munthu wothamangira linga amakhala poyera pamene womuwombera wabisala. Mfuti zake zinali zija za gogodela, zothira wonga kukamwa, n'kuponyamo chipolopolo kapena kachidutswa ka chitsulo, n'kutsendera ndi kamtengo. Zinkachedwa, zina zinkaphulikira mwini wake, mvula ikagwa zinkakana. Komabe zikakhala zambiri kuseri kwa mpanda wa mitengo ndi dothi, zinkakwana kubweza nkhondo. Mwase anazindikira msanga kuti linga lopanda mfuti ndi khola chabe, ndipo mfuti yopanda wonga ndi ndodo. Wongawo unkachokera kunyanja. Choncho ubwenzi wake ndi Jumbe unali mpweya wa ufumu wake.

Sikuti ndi Angoni kunali nkhondo masiku onse. Panali nyengo zomenyana, panalinso nyengo zotumizirana mithenga ndi mphatso, pakuti nawonso Angoni ankafuna nsalu ndi mikanda zodutsa pa Kasungu. Apa ndi pamene ndimaonera ukatswiri wa mpando umenewu. Kulimba mtima kokha sikukadasunga dziko zaka makumi atatu pakati pa mafuwa atatu aja. Pankafunika munthu wodziwa tsiku lotseka chipata ndi tsiku lophera mlendo mbuzi, womvetsera nduna zake pabwalo, wodziwa kugawa nsalu kwa mafumu aang'ono kuti asapatuke. Pankafunikanso mbiri yakuti wothawira kwa Mwase saperekedwa. Anthu othawa nkhondo kumpoto ndi kumadzulo ankabwera kudzapempha malo, ndipo aliyense wolandiridwa ankaonjezera khasu m'munda ndi dzanja pa linga. M'masiku amenewo nthaka inali yambiri, chosowa chinali anthu, ndiye mfumu yolemera inali imene ili ndi anthu ambiri.

Agogo anga aakazi ankatisimbira zimene anamva kwa agogo awo za moyo wa m'linga. Ankati chipata chinali chopapatiza, cholowa munthu mmodzi atawerama, ndipo dzuwa likamalowa ankachipiringidza ndi mitengo. Amayi popita kumadzi ankapita gulu, amuna a mauta patsogolo. Minda inali pafupi ndi mpanda, yolimidwa chaka ndi chaka mpaka nthaka kuguga, chifukwa kukatsegula mphanje kutali kunali kudzipereka. Chimene agogo ankabwereza kawirikawiri ndi fungo: anthu, mbuzi, nkhuku ndi nkhokwe zonse malo amodzi, ndipo nthomba ikalowa inkasesa nyumba ndi nyumba. Akamaliza ankati, komabe tinkagona. Mawu awiri amenewo ndi amene anthu wamba ankayezera mfumu yawo.

Tsopano ndibwerere ku njira ija Livingstone ankalondola, ndipo ndikupemphani mafumu kuti mundilole ndinene zowawa. Wonga sunkabwera waulere. Amalonda a kunyanja ankafuna minyanga, ankafunanso anthu, oti asenze minyangayo ndi oti akagulitsidwe ku gombe. Ngakhale msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873, zombo za pa Nkhotakota zinapitiriza kuolotsa anthu zaka zina makumi awiri. Misafara ya anthu omangidwa magoli inkadutsa m'dziko la Mwase, inkagona m'midzi yake, inkadya ufa wake, ndipo ufumu unkapindula nayo. Tulo timene agogo a agogo anga ankagona m'linga tinalipiridwa ndi mwana wa munthu wina, wogwidwa ku Luangwa kapena m'mudzi wopanda mfuti, mwinanso woperekedwa pa mlandu ndi abale ake omwe. Ine ndine mdzukulu wa opulumukawo, ndipo zimandilemera. Pali ena pakati pathu pano amene ndi adzukulu a ogulidwa amene sanaoloke nyanja, anatsalira m'midzi n'kukwatiwa momwemo. Tikamatchula Nguru ya Nawambe monyadira, titchulenso goli, pakuti mfuti imene inabweza Nawambe inalowa m'dziko lino pa njira imodzi ndi golilo.

Inu alimi a fodya mukhoza kumvetsa msanga vuto la mfumu ya pa mphambano. Bambo anga analima bale pa esiteti ina kum'mawa kuno, ndipo ndikukumbuka momwe ankasanjira masamba m'chigafa, akuwasisita ngati mwana. Koma tsiku la msika mtengo unkanenedwa ndi munthu amene sanagwirepo khasu, potsata zofuna za anthu a kutsidya kwa nyanja zamchere amene sitidzawaona. Mabelo amene amapita ku okushoni ya Chinkhoma lero akuyenda ulendo wofanana ndi wa minyanga ija. Mwase anali wamkulu pa Kasungu, koma mtengo wa mnyanga ndi wa wonga unkapangidwa ku Zanzibar, ku Bombay ndi ku London. Mphamvu zake zinali zenizeni, koma muzu wake umodzi unali m'munda wa eni.

Kuyambira 1889 pa mphambano paja panayamba kudutsa alendo a mtundu wina, onyamula mapepala ndi mbendera. Mjeremani Carl Wiese, amene ankagwirira ntchito Apwitikizi, anakhala kwa Mpezeni n'kumazungulira m'maiko a pakati pa Luangwa ndi kuno kufunafuna mapangano ndi mafumu. Chaka chomwecho cha 1889 Harry Johnston anapangana ndi Jumbe wachitatu, Tawakali Sudi, kuti alandire mbendera ya Angerezi ndipo azipatsidwa ndalama chaka ndi chaka. Mu 1890 Alfred Sharpe ndi Joseph Thomson, aliyense ulendo wake, analowera kumadzulo cha ku Luangwa atanyamula mapepala a mapangano m'malo mwa Angerezi ndi kampani ya Cecil Rhodes. Kwa mfumu ya Chichewa, kulandira nsalu ya mlendo ndi kuika chala pa pepala lake kunali kupalana ubwenzi, monga ankachitira ndi Abisa ndi Aswahili. Nthaka ndi ya mizimu ndi ya mbumba, munthu mmodzi sangaipereke. Koma kwa wonyamula pepalayo, chidindo chija chinali umboni wokaonetsa ku Ulaya kuti dziko ili latengedwa kale, ena asalowemo.

Mu 1891 nkhani inathera kutali ndi kuno. Mu Meyi Angerezi analengeza kuti maiko a kumadzulo ndi kum'mwera kwa nyanja ali pansi pa chitetezo chawo, ndipo mu Juni anagwirizana ndi Apwitikizi za malire. Mzere wolekanitsa dziko la boma la Angerezi la ku Zomba ndi dziko la kampani ya Rhodes unatsata mtunda umene umagawa madzi, opita ku nyanja mbali ino, opita ku Luangwa mbali inayo. Mtunda umenewo ndi uwu uli kumadzulo kwathuku. Unadula pakati pa abale, Mwase wa ku Kasungu mbali ino, Mwase wa ku Lundazi mbali inayo, ndipo palibe mmodzi wa iwo anafunsidwa.

Apa ndi pamene Chibisa akulowa m'nkhani. Anapeza mpando uli ndi ulemu wake wonse, koma mizati yake ikudyedwa ndi chiswe. Njovu zinali zikuchepa. Boma latsopano linkaletsa malonda a akapolo ndi kulowetsa mfuti ndi wonga, ndipo linaika sitima zankhondo pa nyanja. Jumbe Tawakali Sudi anamwalira mu 1894, womulowa m'malo anachotsedwa ndi Angerezi n'kutumizidwa ku Zanzibar, ndipo pa Nkhotakota panakhala mzungu wa boma, Alfred Swann. Chitseko cha kunyanja, chimene a Mwase anadalira zaka makumi asanu, chinali tsopano m'manja mwa munthu wofuna kuti Kasungu azikhoma msonkho. Taganizani mfumu imene makolo ake ankalandira mtulo kwa aliyense wodutsa, lero ikuuzidwa kuti isanduke kapitawo wotolera ndalama za mlendo m'nyumba za anthu ake.

Chinayatsa moto ndi munthu wothawa. Mu Disembala 1891, kum'mawa kwa nyanja, Captain Cecil Maguire anaphedwa pamene ankafuna kuononga zombo za mfumu Makanjira. Anzake awiri, dokotala Boyce ndi injiniya McEwan, anaitanidwa kumtunda ngati kukakambirana, n'kuphedwa. Angerezi ankati amene anakonza chiwembucho ndi Mswahili wina dzina lake Saidi Mwazungu. Mphamvu za Makanjira zitasweka, Saidi Mwazungu anapezeka ali kwa Mwase Kasungu, pamodzi ndi ena amene sankafuna ulamuliro watsopano wa pa Nkhotakota. Boma linkamufuna. Chibisa sanamupereke.

Ndakhala ndikulingalira chisankho chimenechi zaka zambiri, ndipo sindichiona chopepuka. Saidi Mwazungu sanali mwana wamasiye wothawa nkhondo. Anali munthu wa malonda a anthu, wa magazi m'manja. Kumusunga kunali kusunganso njira yakale ya wonga ndi goli, ndipo n'zosakayikitsa kuti Chibisa ankayembekezera mfuti ndi anthu odziwa kuziwomba. Koma tionenso mbali ina. Ufumu wonse wa a Mwase unamangidwa pa mbiri ija yakuti wolowa m'linga lino satulutsidwa. Mfumu ikapereka mlendo mmodzi chifukwa mzungu wa pa Nkhotakota walamula, mawa mfumu yaing'ono iliyonse idziwa kuti mwini dziko weniweni ali kunyanja, ndipo milandu iyamba kupita kumeneko. Akadamupereka, akadapulumutsa mudzi n'kutaya ufumu. Pomukaniza anaika pangozi zonse ziwiri. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo pa mutu wa Chibisa zinabwera mbali zonse.

Ndiganiza kuti analakwitsa powerenga mdani wake. Anayesa Angerezi ndi muyeso wa Nawambe, gulu lobwera m'chilimwe, lomenya tsiku limodzi kapena awiri, likalephera n'kubwerera kwawo. Sanaone kuti awa ndi anthu obwera kudzakhala, okhala ndi mfuti zothira chipolopolo kumbuyo zowomba kangapo gogodela asanatsenderedwe kamodzi, ndiponso kuti chaka chimenecho Johnston, amene tsopano ankatsogolera boma latsopanolo, anali atatsimikiza kuthana ndi onse otsala okana ulamuliro wake. M'miyezi yotsiriza ya 1895 anagwa mafumu Zarafi, Mponda ndi Makanjira kum'mwera. Kumayambiriro a Disembala linga la Mlozi, winanso wa otsalawo, ku Karonga linaphwasulidwa ndi mizinga, Mlozi n'kupachikidwa. Kasungu anatsala yekha pa njira yonse ya kunyanja.

Kumapeto kwa Disembala womwewo, mvula itayamba, chimanga chili m'mawondo, nkhondo inakwera kuchokera ku Nkhotakota. Ankaitsogolera Swann ndi Lieutenant Edward Alston. Munali asilikali a Chisikhi ochokera ku India, asilikali akuda a boma, ndi khamu la amuna a ku Nkhotakota, anthu a mudzi umene kwa zaka zonsezi unali bwenzi la Kasungu pa malonda. Linga limene linabweza zishango silinathe kupirira. Mudzi unagwa, Saidi Mwazungu anagwidwa, naweruzidwa, n'kunyongedwa. Chibisa sanalole kugwidwa. Anadzipha.

Pa mwambo wathu imfa yotere ndi yoopsa, sitiitchula mopepuka, ndipo sindikuikweza pamaso pa ana. Ndikungofuna timvetse chimene munthuyo ankaona patsogolo pake. Anali atamva za Mlozi. Ankadziwa kuti mfumu yogwidwa imayendetsedwa pamaso pa anthu ake itamangidwa manja, n'kuweruzidwa m'chilankhulo chimene siimva. Chaka chotsatira Gomani wa Angoni a ku Ntcheu anaphedwa ndi asilikali a boma, ndipo kumayambiriro a 1898 Nsingo, mwana wa Mpezeni, anawomberedwa. Chibisa anakana kuti thupi la Mwase lifike m'manja mwa adani lili lamoyo. Mwa zonse zimene makolo ake anali nazo, mtulo, mfuti, chipata, chimene chinamutsalira kuti alamule chinali chimenecho.

Sindikufuna kuti muchoke pano mukuti Angerezi anabwera ndi choipa chokha. Misafara ya magoli inatha, ndipo mayi wa ku Luangwa amene mwana wake sanagwidwenso sakadalira nawo maliro a linga la Kasungu. Anthu anatuluka m'mipanda n'kukatsegula minda kutali. Koma amene anathetsa goli ndi omwewo anabweretsa msonkho wa nyumba wa mashiling'i 3, ndipo pofuna ndalama imeneyo anyamata a kuno anayamba ulendo wapansi wopita ku minda ya azungu ku Blantyre, ku migodi ya ku Rhodesia ndi ku Joni. Dziko limene linkalandira alendo a malonda linasanduka dziko lotumiza ana ake kukagwira ntchito kwa eni. Mmodzi mwa anyamata amene anayenda ulendo umenewo anali Kamuzu, wobadwa patangopita zaka zochepa linga litagwa, amene anakula akumva nkhani zimenezi kwa anthu amene anaziona ndi maso.

Pa Kasungu boma linamanga linga lakelake n'kulitcha Fort Alston, dzina la msilikali uja. Amishoni a Livingstonia anatsegula siteshoni cha m'ma 1900 pansi pa Dr George Prentice, ndipo m'zaka za m'ma 1920 inaperekedwa kwa amishoni a ku Nkhoma. Mpando wa Mwase sunafe. Unapitirira pansi pa atsamunda, mphamvu zake zitadulidwa, ndipo mu 1953 Mwase wa nthawi imeneyo anali mmodzi mwa mafumu amene anatsogolera kukana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Patapita zaka 58 chigwere linga, dzina lomwelo linakananso kuti dziko ligawidwe eni ake osafunsidwa.

Nanga kuno ku Lifupa? Kashembe atachuluka ndi matenda a kaodzera atayamba kupha anthu, boma la atsamunda linasamutsa midzi ya kumadzulo kuno, ndipo mu 1922 dera lino linakhala nkhalango yotetezedwa yotchedwa Fort Alston Forest Reserve. Mu 1930 linakhala malo osungirako nyama, ndipo mu 1970 linakhala paki, yachiwiri kukula m'Malawi pambuyo pa Nyika, yoposa masikweya kilomita 2,000. Anthu anatuluka ndi mbuzi zawo ndi mbewu zawo, koma manda a makolo anatsala, ng'anjo zinatsala, ndipo njira ya Abisa inamera mitengo ya mombo ndi masuku. Njovu zimene minyanga yake inamanga ufumu wa Mwase zinatsala pang'ono kutheratu ndi opha mozemba, mpaka mu 2022 anachita kubweretsa zina 263 pa malole kuchokera ku Liwonde. A m'midzi ya m'malire mukudziwa bwino kuposa ine zimene zachitika m'minda mwanu chibwerere njovuzo, ndipo ena mwa inu mwaika maliro. Mkangano wa nthaka ino, wakuti mwini wake ndani ndipo wopindula nayo ndani, ndi womwe uja unayamba ndi mnyanga wogunda pansi.

Mawa m'mawa, mame asanaume, alonda atiperekeza kukaona ng'anjo imodzi ndi bwinja la mudzi. Tidzayenda pamzere, mwakachetechete, wamfuti patsogolo, chifukwa njovu zimamwa m'dambo lomwelo. Ana inu, mukadzafika pa bwinjalo mudzayang'ane pansi pa mapazi anu. Mudzaona mapale a miphika, ena okhala ndi mizere yolembedwa ndi kamtengo dothi lili lofewa, ndi mphero yokumbika pakati chifukwa cha kupera mawere. Musadzatole kanthu monga ndinachitira ine, lamulo la paki limaletsa, ndipo eni ake agona pafupi pomwepo. Mafumu amene mudzapite nafe, tidzapempha kuti mmodzi wa inu ayambe wawomba m'manja ndi kutipepesera kwa eni mudziwo tisanalowe.